Chiphalaphala

Mawuwa amachokera ku phala, ndipo amanena za chinthu chomwe si madzi komanso sichinaume. Kumigodi, chiphalaphala ndi dothi losalala losakanikirana ndi madzi, lomwe limatsala akachotsa miyala ya mtengo wapatali.

Anthu a ku Mchinji ayambe kuwazolowera mawuwa. Kampani ya Mkango Resources idapeza miyala ya rutile m'bomali, ndipo ku Kasiya m'boma la Lilongwe, kampani ya Sovereign Metals idayesa mu 2024 kukumba dothi lofewa pothira madzi amphamvu.

Chiphalaphala sichiyenda mofanana nthawi zonse. Chikakhala cha madzi ambiri chimathamanga m'mapaipi, koma pampu ikaima, mchenga umadikha n'kutseka njira. Akachiika m'thanki, amathiramo mankhwala oti tinthu tating'onoting'ono ta dongo tigwirane, madzi n'kuyandama pamwamba kuti agwirenso ntchito. Chotsala pansicho chimakhuthala, ndipo sichisuntha pokhapokha chitakankhidwa mwamphamvu. Chikangoyamba kuyenda kapena kutakasidwa, chimafewanso.

Choopsa chake chagona pamenepo. Damu la zotsalira likhoza kuuma pamwamba mkati muli chiphalaphala, ndipo khoma likagumuka zonse zimatsetserekera kumtsinje, monga zidachitikira ku Chambishi, Zambia, mu February 2025, pomwe madzi a mtsinje wa Kafue adaipitsidwa.