Magalasi a Maloto ndi Magemu a m'Cipinda Cogona

Acinyamata anzanga, m'caka ca 2014 munacitika zinthu zitatu zimene ndifuna tiyambirepo. Mu Febuluwale, mnyamata wa ku Hanoi m'dziko la Vietnam, dzina lake Dong Nguyen, anacotsa pa msika gemu yake ya pa foni, Flappy Bird, pamene inali kumupezetsa madola pafupifupi 50,000 pa tsiku, monga ananenera iye mwini. Mu Malichi, Facebook inagula kakampani ka Oculus pa madola 2 biliyoni, ngakhale kuti kanali kasanaike cinthu cotsirizika m'sitolo iliyonse. Mu Sepitembala, Microsoft inalengeza kuti yagula Mojang, eni ake a gemu ya Minecraft, pa madola 2.5 biliyoni, ndipo munthu amene anayambitsa gemuyo anatola zake nacoka.

Nkhani zitatuzi zicokera m'njira ziwiri zimene zinayenda payokhapayokha kwa zaka zambiri. Njira yoyamba ndi ya virtual reality, kapena VR mwacidule: muvala cisoti ca magalasi cimene ciphimba maso onse, ndipo kulikonse kumene mutembenukira muona dziko lopangidwa ndi kompyuta ngati muli m'kati mwake. Njira yaciwiri ndi ya magemu a indie, ndiye kuti masewera a pa kompyuta opangidwa ndi munthu mmodzi kapena kagulu kocepa popanda kampani yaikulu kumbuyo kwao.

Loto la magalasi ndi lakale kuposa makolo a ambiri a ife. Mu 1962, Morton Heilig, wojambula mafilimu wa ku America, analembetsa ku boma makina ake, Sensorama. Munthu anali kukhala pa mpando nalowetsa mutu m'bokosi, ndipo anali kuona ngati ali pa njinga yamoto m'misewu ya ku Brooklyn. Mpando unali kunjenjemera, mphepo inali kumuomba kumaso, ngakhale fungo la mumsewu anali kulimva. Eni ndalama anaona, nagwedeza mitu, napita. Mu 1968, Ivan Sutherland wa pa yunivesite ya Harvard pamodzi ndi wophunzira wake Bob Sproull anapanga magalasi olumikizidwa ku cisulo cocokera kudenga. Anali kuonetsa timizere cabe, monga mafupa a bokosi lolenjekeka m'malere. Koma wovala akatembenuza mutu, cithunzi naco cinali kusintha monga cisinthira cinthu ceniceni. Mtima wa VR ndi womwewo kufikira lero, ndipo bvuto lake lagonanso pomwepo.

Bvutolo ndi mseru. M'kati mwa khutu lanu muli timadzi timene tiuza ubongo ngati thupi liyenda kapena laima. Aliyense amene anayesapo kuwerenga buku m'basi ya ku Chipata pamene ikhotakhota m'mapiri a ku Luangwa adziwa cimene cicitika: maso ali pa pepala anena kuti mwakhala phee, khutu linena kuti mugwedezeka, ndipo mimba ndiyo iweruza mlandu. M'magalasi a VR zicitika motembenuka. Maso aona kuti muthamanga kapena muuluka, pamene khutu lidziwa kuti mwaima pabalaza. Ndiponso cithunzi cikacedwa pang'ono pokha kutsata mutu, cizungulire cibwera. Ndiye cifukwa cake opanga magalasi a masiku ano afuna kuti cithunzi cizisintha pafupifupi ka 90 pa sekondi imodzi, cinthu cimene makompyuta akale sanali kucitha pa mtengo woti munthu wamba n'kugula.

Koma makampani sanadikire. Mu 1991 kampani ya Virtuality ya ku Leicester ku England inaika makina a VR m'nyumba zosewereramo magemu, anthu naima pa mizere kuti alawe kwa mphindi zocepa. Sega inaonetsa magalasi ake mu 1993, koma sanafike m'sitolo. Nintendo ndiyo inagwa poyera. Mu 1995 inatulutsa Virtual Boy, nchito ya Gunpei Yokoi, katswiri yemwe uja anapanga Game Boy. Kanali kabokosi koima pa thebulo, kogulidwa madola pafupifupi 180, ndipo wosewera anali kuweramira m'menemo kuona zithunzi za mitundu iwiri yokha, yofiira ndi yakuda. Anthu anadandaula za mutu ndi khosi. Anagulitsa pafupifupi 770,000 cabe, magemu ake anathera pa 22, ndipo pofika 1996 nkhani inatha. Kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu, wochula za VR m'makampani a magemu anali kusekedwa.

Tsopano tibwerere m'mbuyo, titsate njira inayo, imene inalibe phokoso. Mu 1982 ku Britain kunatuluka kakompyuta kochipa, ZX Spectrum, kamene munthu anali kulumikiza ku wailesi ya kanema ya m'nyumba. Magemu ake anali kusungidwa pa makaseti, onga aja makolo athu anali kumvererapo kalindula. Ana a sukulu anayamba kudzilembera magemu m'zipinda zao zogona. Mmodzi wa iwo, Matthew Smith, anali ndi zaka 17 pamene anatulutsa Manic Miner mu 1983, gemu imene inachuka dziko lonse la Britain. Pambuyo pake khomo linayamba kutsekeka. Magemu anakula, anafuna anchito makumi kenaka mazana, ndipo kuti gemu ifike pa shelefu ya sitolo inafunika kampani ya ndalama.

Intaneti ndiyo inatsegulanso khomolo. Mu Disembala 2004, Daisuke Amaya wa ku Japan anaika pa intaneti gemu yake, Cave Story, imene anaipanga yekha kwa zaka zisanu pa nthawi yake yopuma. Anaipereka ulele. Mu 2009, Markus Persson wa ku Stockholm anayamba kugulitsa Minecraft isanathe n'komwe kupangidwa. Zithunzi zake n'zamabokosimabokosi ngati njerwa, ndipo palibe amene akuuzani cocita: mukumba, mumanga, mudziteteza usiku. Bwana wa kampani yaikulu akanaona zimenezo akanati mwana asewera. Pofika 2023 inali itagulidwa koposa 300 miliyoni.

Ine nkhani imene indigwira mtima ndi ya Eric Barone. Anatsiriza maphunziro a kompyuta mu 2011 kufupi ndi Seattle ku America, nafunafuna nchito osaipeza. Ambiri a inu mudziwa kulemera kwa satifiketi imene ingogona m'sutukesi. Iye anaganiza zopanga gemu kuti anole luso lake, olemba nchito amuone. Anajambula zithunzi yekha, analemba nkhani yekha, anapeka nyimbo yekha, maola khumi pa tsiku, kwa zaka zinai ndi theka, uku agwira ganyu yolondolera anthu pa mipando m'nyumba ya zisudzo. Stardew Valley inatuluka mu Febuluwale 2016, ndipo m'miyezi iwiri inagulidwa koposa miliyoni imodzi. Pofika kumapeto kwa 2024 inapitirira 41 miliyoni. Ndipo gemuyo ndi yotani? Ndi yolima! Mulandira munda wa agogo, muchola khasu, mubzala, muthirira, muweta nkhuku, mudziwana ndi anansi. Agogo anu a ku Katete mukawauza kuti kuli anthu olipira ndalama kuti alime pa kompyuta, adzakuuzani kuti mizere ilipo yambiri kumunda, yaulele.

Mphamvu ya magemu a indie ioneka pamenepa. Kampani imene yaika madola mamiliyoni mazana pa gemu imodzi iopa kuyesa cacilendo, motero ibwereza cimene cinagulidwa caka catha: mfuti, mpira, magalimoto. Munthu mmodzi alibe komiti yomuletsa. Akhoza kupanga gemu ya ulimi, ya maliro, ya kalaliki wa pa malire amene ayang'ana mapasipoti tsiku lonse, monga anacitira Lucas Pope mu 2013 ndi Papers, Please. Ndipo mtengo wake kawirikawiri ndi wocepa, makina ake safuna amphamvu.

Koma ndisakunamizeni. Nkhani ya Barone ikoma cifukwa tidziwa mathero ake. Zaka zinai ndi theka zija, lendi ndi cakudya zinali kudalira kwambiri bwenzi lake, amene anali kugwira nchito pamene iye anali pa kompyuta. Gemuyo ikanalephera, tikanamuchula ciani mnyamata wotere? Ndipo olephera ndiwo ambiri. Pa Steam, msika waukulu wa magemu a pa kompyuta, munthu alipira madola 100 kuti aike gemu yake, ndipo eni msika atenga 30 pa 100 iliyonse imene wagulitsa. Mu 2024 mokha munalowa magemu atsopano oposa 18,000, ndiye kuti pafupifupi 50 tsiku lililonse. Oculuka a iwo amira osaonedwa. Ena ndi osatha bwino, ena ndi otengera cabe za anzao, koma ena ndi abwino ndithu, anangosowa wowaimbira ng'oma. Mabuku alembedwa za opambana okhaokha, ndipo wacinyamata wowerenga aganiza kuti njira ndi yosalala.

Ngakhale kupambana kumene kuli ndi minga yake. Dong Nguyen anapanga Flappy Bird m'masiku ocepa mu 2013, kagemu ka kambalame kodutsa pakati pa mapaipi. Itachuka mwadzidzidzi, atolankhani anamuzinga, anthu osawadziwa anamutukwana pa intaneti, tulo tinamuthawa. Anati gemuyo yasanduka cizolowezi coipa kwa osewera, naicotsa. Persson nayenso anafotokoza kuti sanagulitse Mojang cifukwa ca ndalama, koma kuti mutu wake upume. Kampani yaikulu ili ndi anchito oyankha madandaulo. Munthu mmodzi alandira matamando ndi matemberero a anthu mamiliyoni pa foni yake yomweyo.

Njira ziwirizi zinakumana m'galaji ya makolo a Palmer Luckey ku Long Beach, California. Mnyamatayu anazindikira kuti mafoni a m'manja achipitsa zinthu ziwiri zimene akale anasowa: timagalasi toonetsa zithunzi bwino, ndi tizipangizo todziwa kumene cinthu catembenukira. Mu 2012, ali ndi zaka 19, anapempha anthu pa Kickstarter, malo a pa intaneti osonkherapo ndalama, kuti amuthandize ndi madola 250,000. Anasonkha 2.4 miliyoni. Patapita zaka ziwiri zosakwana Facebook inagula Oculus, ndipo ambiri mwa osonkha aja anakwiya, pakuti pa mabiliyoni awiriwo iwo analibepo gawo.

Kucokera pamenepo ndalama zathiridwa ngati madzi. Oculus Rift inafika m'sitolo mu 2016 pa madola 599, osawerengera kompyuta yamphamvu yoiyendetsa. Quest 2 ya mu 2020 inatsika kufika pa 299 ndipo sinafunenso kompyuta. Mu 2021 Facebook inasintha ndi dzina lomwe kukhala Meta, poyembekezera kuti tonse tidzagwira nchito ndi kuceza m'magalasi. Nthambi yake yoona za zimenezi inataya madola 13.7 biliyoni mu 2022, 16.1 biliyoni mu 2023, ndi 17.7 biliyoni mu 2024. Apple inatulutsa ake, Vision Pro, mu 2024 pa madola 3,499. Kuwerengera kwanga, bvuto si mtengo wokha. Cisoti cilemera, nkhope ituluka thukuta, batire itha m'maola awiri kapena atatu, ndipo coposa zonse, wovala akhala yekha. Mpira wa pa kanema tionera khamu, tikuwa pamodzi. Wovala magalasi saona mng'ono wake amene waima pafupi naye.

Kumene VR yaonetsa phindu losakanika ndi kumalo opanda phokoso la malonda. Ku Seattle, Hunter Hoffman ndi David Patterson anapanga SnowWorld, dziko la cipale cofewa limene odwala opsa ndi moto alowamo pamene anamwino atsuka zilonda zao. Maganizo akatanganidwa ndi kuponya mibulu ya cipale, odwalawo anena kuti ululu ucepa. Ndipo kuno kwathu, mu 2019, madokotala ndi akatswiri a ku Zambia, America ndi Britain anafotokoza m'mene anagwiritsira nchito Oculus Rift yomwe ija ya magemu pophunzitsa madokotala atsopano ku Lusaka opaleshoni yocotsa ciberekero ca mai wodwala khansa ya khomo la ciberekero, matenda amene apha azimai ambiri m'dziko lathu. Wophunzira abwereza opaleshoniyo kambirimbiri, alakwitsa, ayambanso, popanda mai weniweni pa thebulo.

Nanga magemu? Gemu imene inapatsa anthu ambiri cifukwa covalira cisoti sinacokere ku mabiliyoni aja. Inacokera kwa anyamata atatu a kagulu ka Beat Games ku Prague, m'dziko la Czech Republic. Beat Saber, ya mu 2018, ndi yapafupi kuifotokoza: m'dzanja lililonse muli lupanga la kuwala, nyimbo ilira, mabokosi abwera kwa inu motsata kugunda kwa nyimboyo, inu muwadula. Taonani nzeru yake. Wosewera sathamanga m'dziko lonamizira, aima pamene waima, dziko ndilo libwera kwa iye. Cimene maso aona ndi cimene khutu limva zigwirizana, mseru ulibe polowera, ndipo munthu acoka ali thukuta kamukamu ngati wabvina. Pofika kuciyambi kwa 2021 inali itagulidwa koposa mamiliyoni anai. Koma pa nthawiyo anyamatawo sanalinso odziimira paokha, pakuti mu Novembala 2019 Facebook inagula Beat Games.