Zaka za ampulifaya zimalembedwa kumbuyo

Munthu akandibweretsera ampulifaya ya home theatre kuti ndimuuze ngati ndi yabwino, sinditaya nthawi ndi mabatani akutsogolo. Ndimaitembenuza n'kuyang'ana zibowo zolowetsamo mawaya, chifukwa ndi zimene zimaikalambitsa.

Kale kumbuyoko kunkadzaza zibowo zofiira, zoyera ndi zachikasu. Kenako kunabwera kabowo kotulutsa kuwala kofiira, TOSLINK, kamene Toshiba inayambitsa mu 1983, pamodzi ndi S/PDIF ya Sony ndi Philips. DVD itatuluka ku Japan mu 1996, njira imeneyi ndi imene inkafikitsa mawu a Dolby Digital ndi DTS ku masipika asanu ndi sabuwufa. Chithunzi chinkayenda pa mawaya akeake.

Mu December 2002, makampani asanu ndi awiri, Hitachi, Panasonic, Philips, Silicon Image, Sony, Thomson ndi Toshiba, anatulutsa HDMI 1.0. Lonjezo linali lokoma: waya mmodzi, chithunzi ndi mawu pamodzi. Koma maampulifaya ambiri oyamba kukhala ndi kabowoka ankangodutsitsa chithunzi kupita ku TV, mawuwo osawagwira n'komwe. Wogula ankafika kunyumba n'kupeza kuti waya wa kuwala uja akufunikabe. Ine ndimati kumeneko kunali kugulitsa dzina lolembedwa pa katoni.

Vuto la ampulifaya ndi malo ake. Imakhala pakati, makina oonetsera mafilimu mbali iyi, TV mbali inayo, ngati mkhalapakati pa milandu ya banja: mbali imodzi ikasintha malankhulidwe, iye ndiye amasowa chonena. HDMI 1.3 ya mu 2006 inabweretsa Dolby TrueHD ndi DTS-HD Master Audio za pa Blu-ray, zimene waya wa kuwala sangazinyamule. PlayStation 3 inatuluka chaka chomwecho ili nayo kale, pamene maampulifaya otsika mtengo omva mawu atsopanowa, monga Onkyo TX-SR605, anafika mu 2007. Mu 2009 HDMI 1.4 inaonjezera 3D ndi ARC, yobweza mawu a TV ku ampulifaya pa waya yemweyo.

Chondiwawa kwambiri ndi HDCP, loko ya Intel yoletsa kukopera mafilimu. Makina awiri amayamba apatsana moni wachinsinsi, ndipo moniwo ukakanika, TV imangoda bii. HDMI 2.0 inafika mu 2013 ndi 4K, koma maampulifaya ambiri a mu 2014 analibe HDCP 2.2. Ultra HD Blu-ray itabwera mu 2016, inakana kudutsitsa 4K m'makina amenewo, omwe anali asanachite n'komwe fumbi. Sikuti ankalephera kunyamula chithunzi; analibe kiyi basi.

HDMI 2.1 ya mu 2017 nayo inadza ndi zake. Mu 2020 magazini ya ku Germany ya c't inaulula kuti maampulifaya ena atsopano a Denon, Marantz ndi Yamaha sankaonetsa chithunzi cha 4K pa 120 Hz kuchokera ku Xbox Series X. Denon ndi Marantz anagawa kabokosi kapadera, SPK618, koti kaziikidwa pakati pa Xbox ndi ampulifaya. Yamaha inasankha kusintha bolodi yam'kati.

Maampulifaya otayidwa pa zifukwa ngati zimenezi ndi amene amatipeza kuno pa kaunjika, olemera, mawu ake ali gwa. Wogula ampulifaya yotere ndimamuuza kuti dikoda ndi gemu azilowetse mwachindunji mu TV, kenako atenge waya wa kuwala kuchoka pa TV kupita ku ampulifaya. TrueHD sangaimve, koma pa TV zambiri Dolby Digital imafika ndithu ku masipika onse asanu ndi sabuwufa.