Nyumba za ku Gyeonggi ndi Mitengo Yake

Chigawo cha Gyeonggi chinazungulira mzinda wa Seoul ku South Korea monga mpanda uzungulira khola. Lero muli anthu oposa 13 miliyoni, ndipo chinapitirira Seoul pa chiwerengero cha anthu m'chaka cha 2003. Olemba mitengo ya nyumba kumeneko amazigawa patatu: mafulati a m'nyumba zitalizitali, nyumba zosanjikizana zazifupi zomwe eni dziko amazitcha villa, ndi nyumba zoima pazokha. Mlendo angaganize kuti yoima payokha ndiye mfumu. Ayi ndithu. Imene anthu amalimbirana ndi fulati, ndipo chiyambi cha zimenezi chikuoneka bwino mumzinda umodzi, Seongnam.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, akuluakulu a Seoul anagwetsa zisakasa za amphawi n'kuwatutira ku mapiri a Gwangju, kummwera chakummawa kwa likulu. Anthu oposa 100,000 anakhamukira kumeneko. Ambiri anafikira m'matenti, kopanda madzi, kopanda ntchito. Malo anawadula timapuloti ta mamita 66 m'bwalo lonse, kamalo kongokwana nyumba ndi poyanika zovala. Ogula mapuloti kwa anzawo atauzidwa kuti alipire boma ndalama zambiri nthawi imodzi, mkwiyo unasefukira pa 10 Ogasiti 1971, ndipo anthu zikwizikwi anachita chipolowe. Boma linagonja. Mu 1973 malowo anakhala mzinda wa Seongnam, koma timapuloti tija sitinakule. Pamwamba pake panamera tinyumba tothinana, tokwera phiri, m'misewu yoti galimoto ziwiri sizipatukana.

Tsono mu 1989, mitengo ya nyumba ku Seoul itapenga, boma la Roh Tae-woo, lomwe linalonjeza nyumba 2 miliyoni, linakonza matauni asanu atsopano m'Gyeonggi: Bundang, Ilsan, Pyeongchon, Sanbon ndi Jungdong, nyumba pafupifupi 290,000, zambiri mafulati. Bundang anamangidwa m'minda ya kummwera kwa Seongnam yemweyo, ndipo anthu anayamba kulowa mu 1991. Misewu yotakata, sukulu, mapaki, kenaka sitima yopita ku Seoul. Mzinda ndi umodzi, koma fulati ya ku Bundang inasiya kutali nyumba za kuphiri.

Ine ndimaona kuti chinsinsi sichili m'makoma. Mafulati mazanamazana ndi ofanana ngati mazira. Imodzi ikagulidwa, aliyense wadziwa mtengo wa zinzake, banki ikongoza mosaopa, wogulitsa sachedwa kupeza wogula. Villa ilibe mnzake woiyerekezera naye. Mtengo wake ndi wa pakamwa pa wogulitsa.

Pamdima pomwepo ndi pomwe panabisala akathyali. Ku Korea kuli dongosolo la jeonse: m'malo mwa lendi ya pamwezi, wobwereka nyumba amapereka chikole chachikulu, choti adzabwezeredwe pakatha zaka ziwiri. Mitengo itakwera kwambiri mu 2020 ndi 2021, ena anagula mavilla ambirimbiri ndi zikole za alendi awo, zikole zofika pa mtengo wa nyumba yeniyeniyo. Chiwongoladzanja chitakwera mu 2022 mitengo n'kugwa, panalibe chobweza. Ku Suwon ndi ku Hwaseong mu 2023 olira ambiri anali achinyamata ndi mabanja ongoyamba kumene, anthu omwe anapita ku villa ndi ku tizipinda ting'onoting'ono chifukwa fulati sakanaikwanitsa. Otsalawo ataona zimenezi anayamba kuthawa villa n'kuthamangira ku mafulati, ndipo mpata wa mitengo pakati pa mitundu iwiriyi unakulirakulira.