Mzinga wa pa Mlatho wa Mangochi ndi Anthu Amene Sanalembedwe

Pa boma la Mangochi, kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi wowoloka mtsinje wa Shire, pali nsanja ya wotchi ya njerwa zofiira imene inamangidwa m'chaka cha 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Britain. Pambali pake pali mzinga wachitsulo wa mtundu wa Hotchkiss, umene unachotsedwa pa sitima ya pamadzi yotchedwa Guendolen. Ogulitsa usipa, akabaza ndi ana opita ku madrasa amadutsa pamenepa tsiku ndi tsiku osacheuka, pakuti chinthu chimene munthu wakula akuchiona chimasanduka ngati mwala wa m'mbali mwa njira. Komatu alendo ochokera kutali amalipira ndalama kuti woperekeza alendo awaimike pamalo omwewa ndi kuwafotokozera mbiri yake. Banja lililonse la m'mbali mwa nyanja liyenera kupatula tsiku limodzi ndi kuyenda ulendo womwewu, chifukwa nkhondo imene mzingawu umakumbutsa inalowa m'nyumba za makolo athu kuposa mmene inalowera m'nyumba za alendowo.

Ulendowu ndi bwino kuuyamba m'mawa dzuwa la ku Mangochi lisanakwiye. Woperekeza wodziwa ntchito yake amayamba ndi tawuni yeniyeniyo. Kale inkatchedwa Fort Johnston, potengera dzina la Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda m'dziko muno. Linga loyamba linamangidwa m'chaka cha 1891 kutsidya kwa Shire, moyang'anana ndi mudzi waukulu wa Mfumu Mponda, ndipo pambuyo pake boma linasamukira pamene pali tawuni lero. Malowa anasankhidwa chifukwa ndiwo khomo la nyanja: aliyense wofuna kulowetsa sitima m'nyanja kapena kutsitsa katundu ndi Shire ankayenera kudzera pamenepa. Sitima ya Guendolen inabwera m'zidutswazidutswa kuchokera ku Britain, nilumikizidwa pompano, ndipo inayamba kuyenda m'chaka cha 1899.

Akafika pa mzinga, operekeza alendo amakonda nkhani imodzi, ndipo ndi yokomadi kumva. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka ku Ulaya mu Ogasiti 1914, Ajeremani, amene ankalamulira dziko limene lero ndi Tanzania, anali ndi sitima yawo pa nyanja ino, dzina lake Hermann von Wissmann. Bwanamkubwa George Smith analamula Kaputeni Edmund Rhoades wa Guendolen kuti akaisake. Pa 13 Ogasiti 1914 anaipeza itakokeredwa pamtunda kuti ikonzedwe pa doko la Sphinxhafen, limene lero ndi Liuli. Anawombera kangapo mpaka chipolopolo china chinalasa. Kaputeni Berndt wa Ajeremani, amene anali bwenzi la Rhoades la pachakumwa, anali asanamve kuti kunja kuli nkhondo. Anapalasa kabwato kupita ku Guendolen ali wokwiya, akufunsa ngati mnzakeyo waledzera, ndipo anangozindikira atagwidwa ukaidi. Nyuzipepala za ku London zinalengeza kuti Britain wapambana nkhondo ya pamadzi pa nyanja ya Nyasa. Mu Meyi 1915 asilikali a Britain anabwereranso ku Sphinxhafen kukaiphulitsa sitimayo kuti isadzakonzedwenso msanga.

Apa alendo amaseka, najambulitsa zithunzi atagwira mzinga. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Funso loyenera kumufunsa woperekeza ndi ili: nanga Angerezi atatsala okha pa nyanja, anaigwiritsa ntchito yanji? Yankho lake ndilo mbiri yathu yeniyeni, ndipo mulibe choseketsa m'menemo.

Poyamba nkhondo inali kumpoto. Pa 9 Seputembala 1914 Ajeremani anaukira Karonga koma anabwezedwa, ndipo ambiri mwa amene anafa mbali zonse ziwiri anali asilikali achikuda. Imfa zimenezo ndizo zinachititsa John Chilembwe kulemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, yodandaula kuti anthu osauka a dziko lino akufera mkangano umene sakuudziwa, iye asanaukire boma pa 23 Januwale 1915. Koma mtolo waukulu unagwa m'chaka cha 1916, pamene Jenerale Edward Northey anapatsidwa gulu lankhondo loti lilowe m'dziko la Ajeremani kuchokera kumwera. Gululi linayamba kuyenda mu Meyi chaka chimenecho, ndipo chilichonse chimene linkadya, kuvala kapena kuwombera chinkayenera kulipeza kuchokera kutali.

Njira ya katunduyo ndi yoyenera kuilondola pa mapu, ndipo mapu a nyanja mudzawapeza m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, imene ili pafupi ndi nsanjayo, m'nyumba imene kale inali kalabu ya azungu. Katundu ankatsikira ku Chinde, pamathiriro a Zambezi, nakwera mtsinjewo mpaka ku Chindio. Kuchokera uko ankabwera pa sitima ya pamtunda mpaka ku Limbe, kenaka pa msewu kudzera ku Zomba mpaka ku Fort Johnston. Apa ankalowa m'sitima za pamadzi: Guendolen, sitima za kampani ya Mandala, ngakhalenso Chauncy Maples ya amishoni a ku Likoma, imene boma linaitenga kuti igwire ntchito ya nkhondo. Sitimazi zinkayendera nkhuni, choncho midzi ya m'mbali mwa nyanja inkadula ndi kuunjika mitengo m'madoko. Zikafika kumpoto ndi kutsidya la kum'mawa, msewu wabwino kunalibe, ndipo ng'ombe, akavalo ndi abulu zinkafa ndi kashembe. Chotsala chinali mutu wa munthu.

Umu ndi mmene ntchito ya mtengatenga inakulira. Munthu mmodzi ankasenza katundu wolemera makilogalamu pafupifupi 25. Iyeyo payekha ankafunika ufa pafupifupi kilogalamu imodzi pa tsiku. Werengani nokha: ngati ulendo uli wa masiku 12 kupita ndi 12 kubwerera, wosenza ufa amatha mtolo wake wonse asanadyetse msilikali ndi mmodzi yemwe. Motero nkhondo ikamasunthira kutali ndi nyanja, pankafunika anthu osenzera chakudya osenza anzawo, ndipo chiwerengero chinkangokwera. Kumeneku ndiko kunachititsa kuti dziko la Nyasaland, limene anthu ake onse anali pafupifupi miliyoni imodzi yokha, lipereke asilikali pafupifupi 19,000 ndi kulembetsa amtengatenga pafupifupi 200,000, ena mwa iwo atatengedwa kangapo. Wolemba mbiri Melvin Page, amene anacheza ndi okalamba ambiri otsala pa nkhondoyo m'zaka za m'ma 1970, anatcha buku lake The Chiwaya War, potengera dzina limene makolo athu anapatsa mfuti yolira mosalekeza.

Anthu ochuluka chonchi sakanapezeka mwa kufuna kwawo. Boma linkapatsa mafumu chiwerengero cha amuna oti apereke, ndipo mfumu yolephera inali pa chiopsezo chotaya udindo. Amesenjala ndi apolisi ankazinga midzi usiku. Amuna akathawira m'mapiri ndi m'mabango, nthawi zina akazi awo ankagwidwa kufikira amunawo atadzipereka. Paulendo, chipolopolo sichinali mdani wamkulu wa mtengatenga. Ambiri anafa ndi kamwazi, chibayo, malungo ndi njala, makamaka anthu a kunyanja ozolowera kutentha pamene anakwezedwa m'mapiri ozizira a kumpoto kwa nyanja atavala kansalu kamodzi. Kumudzi nako minda inagonera chifukwa olima kunalibe, pamene chakudya chochepa chimene chinalipo chinkafunidwanso ndi boma kuti chidyetse asilikali.

Kwa Asilamu a m'mbali mwa nyanja nkhondoyi inali ndi kulemera kwina. Gulu la King's African Rifles, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1902, linkalemba Ayao ambiri, kotero kuti m'mizere ya asilikali munali Asilamu ochuluka. Koma mu Novembala 1914 Sultani wa ufumu wa Ottoman, amene anali kumbali ya Germany, analengeza jihadi yolimbana ndi Britain ndi anzake, ndipo Ajeremani anatumiza makalata kwa aphunzitsi a Chisilamu a kuzungulira nyanja owakopa kuti aukire. Kuukirako sikunachitike. Ngakhale zinali choncho, boma la ku Zomba linkayang'ana mashehe ndi amwalimu ndi diso lokayika, pamene ana awo ndi ophunzira awo anali kusenza mfuti ndi mitolo ya boma lomwelo. Tsidya linalo, pakati pa asilikali achikuda a Ajeremani, munalinso Asilamu ambiri. Anthu oyang'ana Qibla imodzi anawomberana pa mkangano wa mafumu a ku Ulaya.

Mukatuluka m'nyumba ya zinthu zakale, pemphani woperekeza kuti muime pa mlatho ndi kuyang'ana kum'mawa, kumene msewu umakwera mapiri kulowera ku Namwera. Pa 25 Novembala 1917 mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anawoloka mtsinje wa Rovuma nalowa m'dziko la Mozambique. Pamenepo nkhondo inatembenukira kumwera, ndipo kumayambiriro kwa 1918 asilikali a Britain anadzera ku Fort Johnston ndi Namwera kukamusaka, amtengatenga ali pambuyo pawo m'nyengo ya mvula. Sanamugwire. Anazungulira mpaka kukalowa m'dziko limene lero ndi Zambia, nakagonja ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918, patapita masabata awiri nkhondo itatha ku Ulaya. Otsala amoyo pobwerera kwawo anakumana ndi mliri wa fuluwenza umene unayenda m'njira zomwezo za sitima ndi za mitolo, nupha anthu m'midzi imene sinamvepo kulira kwa chiwaya.

Malo otsiriza a ulendowu ndi manda akale a m'tawunimu, mmene muli miyala yosamalidwa ndi bungwe la Commonwealth War Graves Commission. Pamwala uliwonse pali dzina, gulu la usilikali ndi tsiku la imfa. Amenewo ndi ana a anthu, anafera kutali ndi kwawo, ndipo ayenera ulemu wa manda. Koma yendani mzere ndi mzere mukuwerenga, kenaka mukumbukire 200,000 aja. Ku Zomba kuli chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles. Wosenza mtolo amene anagwa m'mbali mwa njira ya ku Songea kapena m'tchire la ku Mozambique kawirikawiri analibe mwala, analibe sanda, analibe womusambitsa kapena womuswalira jeneza. Bungwe losamala mandalo linavomereza lokha mu lipoti lake la mu Epulo 2021 kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo a mu Africa ndi ku Middle East, amene anafa pa nkhondoyo akutumikira Britain, sanakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe.

Apa ndi pamene nzeru za woperekeza alendo zimathera, ndipo si mlandu wake. Iye amanena zimene zinalembedwa pa zipilala ndi m'mabuku. Zotsalazo zili m'nyumba zathu. Gule wa beni amene amavinidwa m'midzi ya Ayao, ndi maudindo ake achisilikali ndi kuguba kwake, anafala m'dera lino pa nthawi ya nkhondo imeneyo ndi pambuyo pake, monganso malipenga ndi mganda kumpoto ndi pakati pa dziko. M'mabanja ena mukadali mendulo yosungidwa m'kathumba, kapena nkhani ya agogo a agogo amene anatengedwa usiku osabweranso. Amene anaona nkhondoyo ndi maso onse anapita. Amene anamva kuchokera pakamwa pawo ndiwo okalamba athu a lero, ndipo akucheperachepera chaka ndi chaka.

Choncho pokonza ulendowu, musatenge ana okha. Tenganinso gogo amene angathe kuyenda, mum'pezere mthunzi pafupi ndi nsanja, ndipo woperekeza akatha kulankhula, mum'patse gogoyo mpata. Mwana mmodzi akhale ndi kope ndi cholembera. Alembe dzina la kholo limene linapita ku nkhondo, mudzi wake, mfumu yake, ngati linali msilikali kapena mtengatenga, ndiponso ngati linabwerera. Nthawi ya Dhuhr ikakwana, mzikiti suli patali, ndipo mayina amene mwalembawo mungathe kuwatchula m'dua yanu. Kope limenelo likasungidwe pamodzi ndi mapepala ofunika a banja. Mabanja a mzikiti umodzi akaphatikiza zimene alemba, mudzi udzakhala ndi mndandanda umene boma la atsamunda silinausunge, ndipo mwana wodzadutsa pa mzinga wa Guendolen adzadziwa kuti pa doko limeneli panakwerera munthu wa magazi ake, dzina lake lakutilakuti.