Jerry York ndi mkangano wa makoleji a ku Boston

Masewero a hockey wa pa madzi oundana, omwe osewera ake amathamanga ndi nsapato zokhala ndi zitsulo zotsetsereka kuphazi uku akumenya kampira kaphwamphwa ndi ndodo zokhota, anazika mizu m'makoleji a mumzinda wa Boston ku America, makamaka kuchokera mu 1952 pamene unayamba mpikisano wa Beanpot. Dzinali limatanthauza mphika wa nyemba, ndiwo zomwe mzindawu umatchuka nazo, ndipo chikhochi amalimbirana ndi Boston College, Boston University, Harvard ndi Northeastern.

Pa matimu anayiwa, awiri oyambawo ndiwo samwerana madzi kwenikweni, pakuti onse ali mumsewu umodzi wa Commonwealth Avenue. Komabe ochemerera ambiri a Boston University ankavula chipewa akamva dzina la Jerry York, amene anaphunzitsa timu ya Boston College kuyambira 1994 mpaka 2022. Pa ntchito yake yonse yophunzitsa, York anapambana masewero 1,123, chiwerengero choposa cha mphunzitsi wina aliyense wa hockey wa m'makoleji, ndipo anatenga chikho cha dziko lonse kasanu: mu 1984 akuphunzitsa timu ya koleji ya Bowling Green, kenako mu 2001, 2008, 2010 ndi 2012 ali ku Boston College. Zikho pazokha zikanangodzetsa nsanje. Chimene chinam'patsa ulemu ndi kufatsa kwake, popeza ankadziwika kuti satukwana osewera kapena oyimbira, ngakhale m'masewero omwe anthu amagundana ndi kupsetsana mtima kawirikawiri.

Mphunzitsi wa Boston University kuyambira 1973 mpaka 2013, Jack Parker, anabadwa mu 1945 monga York yemwe, ndipo awiriwa anayamba kulimbana adakali anyamata a kusekondale.