Kulekana kwa Mafupa a Paphewa

Vutoli limachitika minyewa yomanga fupa lopingasa pamwamba pa chifuwa ku nsonga ya phewa ikatanuka kapena kuduka. Nthawi zambiri munthu amakhala atagwera phewa pa mpira, panjinga kapena pangozi yapamsewu. Paphewapo pamatupa, pamapweteka pokweza mkono, ndipo nthawi zina fupa limatumphuka.

Dokotala amakhudza pamalopo ndi kujambula ekisire. Kuvulalaku amakugawa m'magulu 6 otchedwa magulu a Rockwood. Gulu 1 ndi 2 amachiza pokoleka mkono pansalu, kuikapo ayezi, kumwa mankhwala opha ululu, kenako kuchita mafizo. Ambiri a gulu 3 amachiranso chotero, koma magulu 4 mpaka 6 amafuna opaleshoni. Ku Lusaka, madokotala a mafupa amapezeka ku University Teaching Hospital, pafupi ndi Kabwata.