Primer ya magnum ndi primer yawamba pa zipolopolo za mfuti za m'manja

Primer ndi kachikho kakang'ono kachitsulo kamene kamakhala pakati penipeni kumbuyo kwa chipolopolo. M'kati mwake muli mankhwala oyaka akamenyedwa, ndipo moto wake ndi umene umayatsa wonga. Pa mfuti za m'manja, monga pistol ndi revolver, maprimer amagawidwa pawiri potengera ukali wa moto wake: awamba ndi a magnum. M'mayiko amene lamulo limalola munthu kudzazanso yekha makoko a zipolopolo zowomberedwa kale, anthu amafunsa kawirikawiri ngati n'zotheka kuika primer ya magnum pamene buku la miyeso lanena yawamba. Opanga wonga amayankha kuti primer ndi mbali ya muyeso wonse, choncho woisintha wasintha chipolopolo chonse ndipo sangadalirenso manambala a m'bukumo.

Mmene primer imagwirira ntchito

Chipolopolo chili ndi zigawo zinayi: khoko, wonga, mutu umene umauluka, ndi primer. Munthu akawomba, kamsomali ka mfuti kamamenya kachikhoko n'kukapinda pang'ono. Mankhwala aja amafinyika pakati pa chikho ndi kachitsulo kotchedwa anvil, n'kuphulika. Lawi limadutsa pa kabowo kolowera m'khoko n'kuyatsa wonga, ndipo mpweya wotentha wochokera ku wongawo ndi umene umakankha mutu wa chipolopolo mumpope wa mfuti. Zonsezi zimatha diso lisanaphethire.

Mankhwala a mu primer ya pistol sakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 20 a galamu, koma mphamvu yake si yochepa. Pa 31 March 1993, Brandon Lee, katswiri wa mafilimu wa zaka 28, anafa akujambula filimu ya The Crow ku Wilmington, North Carolina. Chipolopolo china chinachotsedwa wonga kuti chingooneka ngati chenicheni, koma primer yake inatsala yamoyo. Primer yokhayo inakankha mutu wa chipolopolo n'kuusiya mumpope wa revolver. Pamene anawombamo chipolopolo cha wonga wokhawokha chopanda mutu, mutu wotsalira uja unatuluka n'kumulasa pamimba.

Mbiri yake

Mfuti zakale zinkayaka ndi mwala wothetheka moto, ndipo nyengo ya mvula zinkakana kawirikawiri. Mu 1800, Edward Howard wa ku England anafalitsa zimene anapeza zokhudza mercury fulminate, mankhwala ophulika akangomenyedwa. Mu 1807, m'busa wa ku Belhelvie ku Scotland, Alexander John Forsyth, analembetsa njira yoyatsira mfuti ndi mankhwala otere. M'zaka za m'ma 1820 kunafala kachipewa kamkuwa kovekedwa pa kamlomo ka mfuti, ndipo kachipewa kameneka ndiko kholo la primer ya lero.

Mu 1866 kunatuluka mitundu iwiri ya primer yolowa m'khoko imene ilipobe mpaka pano. Wina unapangidwa ndi Hiram Berdan wa ku America, wina ndi Edward Boxer wa ku Royal Arsenal ya ku Woolwich, ku London. Primer ya Boxer ili ndi anvil yakeyake ndipo khoko lake lili ndi bowo limodzi pakati, kotero yowomberedwa kale imachotseka mosavuta. Pa mtundu wa Berdan, anvil ndi mbali ya khoko ndipo timabowo timakhala m'mbali. N'chifukwa chake odzazanso zipolopolo amakonda Boxer, pamene zipolopolo zambiri za asilikali a ku Ulaya ndi ku Soviet Union zinali za Berdan.

Mu 1884, Paul Vieille wa ku France anapanga wonga wopanda utsi. Wonga wa mtundu umenewu ndi wamphamvu kuposa wonga wakuda wakale, ndipo kayakidwe kake kamadalira kwambiri mmene wayatsidwira. Maprimer a nthawi imeneyo ankasiya mchere wodyetsa mpope dzimbiri. Vutoli linachepa pamene Remington inatulutsa maprimer a Kleanbore mu 1927, ndi RWS ya ku Germany inatulutsa a Sinoxid mu 1928.

Mfuti za gogodela ku Mulanje

M'Malawi, kudera la Limbuli ku Mulanje, mfuti zinafika kalekale kudzera m'njira za malonda zopita ku Quelimane. Zinali za gogodela, zothira wonga kukamwa n'kusinjirira ndi kandodo kachitsulo, ndipo zinkabwera posinthana ndi minyanga ndi akapolo. Mwini gogodela aliyense ankadziyezera yekha wonga nthawi iliyonse imene akufuna kuwomba. Mafumu a Chiyao ozungulira phiri la Mulanje, monga Chikumbu, Mkanda ndi Matipwiri, anali ndi anthu onyamula mfuti zoterezi. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono, zipolopolo zake ndi tizipewa take m'chigawo chachikulu cha Africa, n'kungolola mfuti za mwala ndi wonga wamba wa malonda. Boma la atsamunda la Harry Johnston linamanga Fort Lister ndi Fort Anderson mu 1893 pofuna kutseka njira za akapolo, ndipo Matipwiri anagonja mu 1895. M'nkhondo za boma ndi mafumuwa kusiyana kwa zida kunaonekera poyera: wina akusinjirira wonga, mnzake anali atawomba kale kangapo ndi chipolopolo chokhala ndi primer yake.

Kukula ndi mayina

Maprimer a Boxer a mfuti za m'manja ali ndi misinkhu iwiri. Aang'ono ndi a mamilimita 4.45 m'mimba mwake, ndipo amalowa m'makoko a 9mm Luger, .38 Special ndi .357 Magnum. Aakulu ndi a mamilimita 5.33, olowa m'makoko a .44 Magnum ndi ambiri a .45 ACP. Pa msinkhu uliwonse pali yawamba ndi ya magnum. Kampani ya CCI imatcha aang'ono awamba 500, aang'ono a magnum 550, aakulu awamba 300, aakulu a magnum 350. Federal imagwiritsa ntchito 100 ndi 200 pa aang'ono, 150 ndi 155 pa aakulu. Winchester ili ndi primer imodzi yaikulu, WLP, imene imati ndi yoyenera miyeso yawamba ndi ya magnum yomwe.

Ngozi imayambira apa: primer ya magnum ndi yawamba za msinkhu umodzi zimafanana ndendende pozionera, ndipo zonse zimalowa bwinobwino m'khoko limodzi. Zikatuluka m'bokosi n'kusakanikirana patebulo, palibe njira yodalirika yozisiyanitsiranso.

Chimene magnum imasiyanira

Primer ya magnum imatulutsa lawi lotentha kwambiri ndi lokhalitsa, chifukwa mankhwala ake ndi ochulukirapo kapena osakanizidwa mwaukali. Makampani ena amalimbitsanso chikho chake kuti chisabooke mpweya ukapanikizika kwambiri. Inapangidwira wonga wovuta kuyaka. Wonga woyaka msanga, monga Bullseye, amathira pang'ono ndipo umagwira moto mosavuta. Wonga woyaka pang'onopang'ono, monga H110 ndi Winchester 296, ndi timibulu tokutidwa ndi mankhwala ochedwetsa moto, ndipo umadzaza pafupifupi khoko lonse. Zili ngati pa mbaula: makala aang'ono ouma amayaka ndi kaudzu kochepa, pamene zibulumwa zikuluzikulu zimafuna zoyatsira zambiri. Kuzizira nakonso kumachititsa wonga kuvuta kuyaka.

Dzina lakuti magnum pa chipolopolo si limene limasankha primer. Chipolopolo cha .357 Magnum, chimene chinatuluka mu 1935, chingadzazidwe ndi wonga wofuna primer yawamba kapena wofuna ya magnum. Wosankha ndi mtundu wa wonga ndi kuchuluka kwake, ndipo mabuku a miyeso a Hodgdon, Speer, Hornady ndi Lyman amalemba dzina la primer imene anayesera muyeso uliwonse.

Zotsatira za kusinthanitsa

Chotsatira choyamba ndi kukwera kwa mphamvu ya mpweya wopanikizika m'khoko. Bungwe la SAAMI la ku America, lokhazikitsidwa mu 1926, linaika malire a mtundu uliwonse: .38 Special 17,000 psi, .45 ACP 21,000 psi, 9mm Luger ndi .357 Magnum 35,000 psi, .44 Magnum 36,000 psi. Ku Ulaya ntchito yomweyi imagwiridwa ndi bungwe la CIP. Primer yaukali imayatsa wonga wochuluka nthawi imodzi, ndipo m'khoko laling'ono ngati la 9mm, mmene malo opanda kanthu ndi ochepa, kusintha kwakung'ono kumakweza mphamvu kwambiri. Muyeso umene unali kale pafupi ndi malire ungathe kuwadutsa. Kukwerako sikufanana pa wonga uliwonse kapena pa kampani iliyonse, moti palibe nambala imodzi imene munthu angachotsere n'kukhala wotsimikiza.

Chachiwiri, primer yaukali ingasunthe mutu wa chipolopolo wonga usanayake bwino. Malo a m'khoko amakula mosayembekezereka, liwiro la zipolopolo limasiyanasiyana, ndipo sizigwera pamodzi pa chandamale. Chachitatu, chikho cholimba chimakana kuphulika pa mfuti imene kamsomali kake kamamenya mofooka.

Kusintha mobwerera kuli ndi ngozi zakenso. Primer yawamba pa wonga wofuna magnum ingayatse mochedwa, mfuti n'kulira munthu ataitsitsa kale, kapena ingayatse mwatheka, mutu n'kukakamira mumpope. Kuwomba chipolopolo china pamwamba pa chokakamiracho kumatupitsa kapena kung'amba mpope, ndipo dzanja ndi maso a wowombayo zili pomwepo. Remington imachenjeza kuti primer yake ya 1½ isaikidwe pa zipolopolo zamphamvu monga .357 Magnum ndi .40 S&W, chifukwa chikho chake chingabooke.

Zizindikiro zimene anthu amayang'ana, monga primer yophwatalala kapena khoko lovuta kutuluka, sizidalirika pa mfuti za m'manja. Chipolopolo cha .38 Special chingadutse malire ake popanda chizindikiro chilichonse, ndipo chikho cholimba cha magnum chimabisa zizindikirozo. Makampani amayesa ndi mipope yapadera yokhala ndi zida zoyezera, zimene munthu wa pakhomo alibe. Langizo la mabuku onse n'limodzi: kugwiritsa ntchito primer imene yalembedwa, ndipo chigawo chilichonse chikasintha, kubwerera ku muyeso woyambira wa m'bukumo. Nkhaniyi inakula mu 2020 ndi 2021, pamene maprimer anasowa m'masitolo a ku America ndipo anthu ankangogula mtundu uliwonse umene aupeza.

Malamulo m'Malawi ndi ku South Africa

M'Malawi, mfuti ndi zipolopolo zimayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Act la 1967, ndipo zilolezo zimadzera ku polisi. Kupezeka ndi mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kupanga zipolopolo si ntchito imene munthu angangoiyamba pakhomo. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amagwira ntchito, lamulo la Firearms Control Act la 2000 limalola mwini mfuti wa chilolezo kudzaza zipolopolo za mfuti yakeyo, koma sayenera kusunga maprimer oposa 2,400 pa mfuti iliyonse, kupatula alenje ndi amasewera owombera olembetsedwa mwapadera. Ufulu umenewu umathera m'dziko lomwelo. Mayiko a SADC anasainirana pangano loletsa kufala kwa mfuti ndi zipolopolo ku Blantyre mu August 2001, ndipo kudutsa malire ndi zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu mbali zonse.

Zipolopolo zotsala za nkhondo

Limbuli ili m'dera la Mfumu Yaikulu Njema, pafupi ndi chipata cha Muloza, moyang'anizana ndi Milange wa ku Mozambique. Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inayamba mu 1977 n'kutha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, Milange anagwa m'manja mwa Renamo mu 1986, ndipo anthu ambirimbiri anathawira ku Mulanje. Nkhondo itatha, mfuti za AK-47 ndi zipolopolo zake zinatsala m'tchire ndi m'manja mwa anthu. Mu 1995 bungwe la mipingo ya chikhristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kulandira zida zimenezi posinthana ndi makasu, njinga, malata ndi makina osokera.

Kwa anthu a m'malire amenewa, phindu lenileni lodziwa za primer lili apa. Chipolopolo chofukulidwa ndi khasu m'munda chingakhale chadzimbiri, chobiriwira ndi chodzaza dothi, koma primer yake imatha kukhala yamoyo kwa zaka makumi ambiri. Mwana wochikhoma ndi msomali kapena mwala akuchita ntchito yomwe kamsomali ka mfuti kamachita, ndipo chikaponyedwa pamoto wa zinyalala chimaphulika n'kumwaza tizidutswa ta khoko tolasa maso ndi zala. Otolera zitsulo zakale zogulitsa pa sikelo ali pa ngozi yomweyo. Wopeza zipolopolo asazigogode, asazitenthe, asazisunge m'nyumba. Azisiye pamalo pomwepo, atalikitse ana, n'kudziwitsa mfumu ya m'mudzi ndi apolisi.